Njinga zamagetsi za ulendo wa Salima mpaka Dwangwa: okalamba awirife tigule zotani?

Mphunzitsi Wopuma: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru zanu. Ine ndi mayi akunyumba tapangana kuti mvula ikadzatha tiyende ulendo wa panjinga, kuchoka kuno ku Salima kutsata msewu wa M5 mpaka ku Nkhotakota, mphamvu zikalola tikafike ku Dwangwa kumene kuli mlamu wanga. Tonse zaka tinadutsa 60. Mawondo anga sakulolanso kupalasa mtunda wautali pa njinga yakapalasa, ndiye mwana wathu amene ali ku Johannesburg wati atigulira njinga zamagetsi ziwiri, ife tingotchula mtundu. Zithunzi zimene watumiza ndaziika pamwambapa. Zina mota yake ili pakati pa mapedulo, zina ili mu wilo lakumbuyo. Ine maganizo anga ndi akuti yanga ikhale yaikulu yamphamvu poti ndine ndidzanyamule katundu, ya mayi ikhale yaing'ono yopepuka. Odziwa tithandizeni.

Wakabaza wa pa Kaphatenga: Madala, minibasi zatha kodi? Kapena tibwere tikunyamuleni ife, mtengo tikambirana 😂

Mphunzitsi Wopuma: Mwana wanga, msewu umenewu ndaudutsa pa minibasi moyo wanga wonse nditapanikizidwa ndi madengu a usipa. Pa Chia ndimangoona madzi pawindo, galimoto n'kudutsa. Ulendo uno ndikufuna ndiziima pamene ndafuna ine.

Makaniko wa pa Kamuzu Road: Bambo aphunzitsi, mota isiyeni kaye. Yambani ndi matayala, chifukwa chimene chidzakuimitseni panjira ndi minga. Pazithunzi zanuzo ndikuona zina zalembedwa 28, zina 700C, zina 29. Musaganize kuti 28 ameneyu ndi yemwe uja wa njinga zathu zakuda zonyamulira makala. M'mbali mwa tayala mumakhala nambala ina yaing'ono. La njinga yakuda limalembedwa 635, pamene la 700C ndi la 29 onse ndi 622. Kusiyana kwake mamilimita 13 okha, koma tayala la 635 pa limu ya 622 limangokhwepa, mukapopa chubu chimatulukira m'mbali n'kuphulika. Ndiye tayala likang'ambika pa Khombedza kapena pa Thavite, mudzazungulira mashopu onse akukuonetsani 28 wosakwana. Muuzeni mwanayo afune njinga za 26, zolembedwa 559. Limenelo ndi la njinga za magiya za kaunjika zija, paliponse pali msika mulipeza, ndi chubu chake chomwe.

Mnyamata wa ku Cape Town: Amakaniko anena zoona, kungoti njinga zamagetsi za 26 zikuchepa m'mashopu masiku ano, ambiri akupanga 27.5 ndi 700C. Zikasowa, tengani zimene zilipo koma mugulire limodzi tayala lapadera lopindika, ndi machubu angapo. Ngati ndalama ilipo avekeni matayala a Schwalbe Marathon, ali ndi mphira wochindikala mkati moti minga yambiri imalephera kuboola.

Za mota ndiyankheko, poti ine ntchito yanga kuno ndi yoperekera zakudya pa njinga yotereyi. Mota ya pakati, monga ya Bosch, Shimano kapena Bafang, imakoka kudzera pa tcheni. Mukatsitsa giya nayonso imapepukidwa, n'chifukwa chake pa chikweza palibe yoiposa. Koma imadya tcheni msanga, ndipo tcheni chikaduka mwaima basi, mota izingolira pachabe. Ya mu wilo ilibe nazo ntchito za tcheni, imazunguza wilo palokha. Ndi yotchipa, yosavuta kuimvetsa. Vuto lake limabwera pa chitunda chachitali, mukamakwera pang'onopang'ono muli ndi katundu imatentha.

Mphunzitsi Wopuma: Ndiye kuti ya pakatiyo ndiyo yabwino?

Mnyamata wa ku Cape Town: Zitengera kumene mukupita, bambo. Mukanati mukukwera M14 kulowera ku Mvera mpaka Lilongwe, kapena Khwekhwerere kuchoka pa Golomoti, ndikanati ya pakati popanda kukambirana. Kuchoka ku Salima kufika ku Lilongwe mumakwera mamita opitirira 500. Koma M5 wa m'mbali mwa nyanja ndi wathyathyathya, timitunda take n'tating'ono. Ya mu wilo ya 250W ikukwanirani.

Makaniko wa pa Kamuzu Road: Ndiwonjezere. Za Bosch zija n'zolimba, palibe angatsutse, koma zinapangidwa kuti batire, tchaja ndi mota zonse zikhale za kampani yomweyo, ndipo zikavuta amaziyeza ndi kompyuta ya ogulitsa ake. Ine pansi pa mtengo wa mango pano kompyuta imeneyo ndiitenga kuti? Za mu wilo zija mawaya ake amaoneka, kabokosi kolamulira mota kamagulidwa pakokha, mnyamata aliyense wokonza mawailesi kapena masola atha kulondola pamene paduka. Kwathu kuno njinga yabwino ndi imene ikafa pa Benga munthu wa pa Benga aidzutsa.

Koma ya mu wilo ili ndi zake zofunika kuzidziwa musananyamuke. Masipokosi ake ndi aafupi ndi onenepa kusiyana ndi a njinga wamba, pa msika simuwapeza, ndiye abwere apadera. Kuchotsa wilo lakumbuyo kumafuna sipanala ya 18 kapena 19, ndipo musanalikoke muyambe mwazula kawaya ka mota pa joini yake. Ndaonapo mnyamata wina atakoka wilo mwamphamvu ngati la njinga wamba, waya n'kudukira mkati mwa ekiselo. Kulumikiza pamenepo ndi ntchito ya tsiku lonse.

Wamasola wa ku Nkhotakota Boma: Ine ndilowe pa batire, poti ulendo wonsewu wagona pamenepo. Musaone kukula kwa chibokosi, onani manambala awiri, V ndi Ah, muwachulukitse. 36V kuchulukitsa ndi 14Ah ndi 504Wh, kumeneko ndiko kuchuluka kwa moto umene batire limasunga. Munthu amene akupalasa nawo, pa levulo yotsika (mota ikungothandiza pang'ono), malo abwino, amadya cha m'ma 8Wh pa kilomita. Muli ndi katundu, mphepo ikukumenyani kumaso, levulo mwakweza, zimafika 12 mwinanso kuposa. Samuyo ndi yanu aphunzitsi: 504 kugawa ndi 8 ndi makilomita 63, kugawa ndi 12 ndi 42. Zimene amalemba pa katoni zoti makilomita 100 ndi za munthu wopepuka, wopanda katundu, pa tala wosalala. Salima mpaka kuno ku boma ndi makilomita pafupifupi 110, ndiye pa batire limodzi simufika. Konzani zogona chapakati, cha ku Benga. Kuchoka kuno kupita ku Dwangwa ndi pafupifupi 60, limenelo ndi tsiku lakelake.

Tsopano zija mwanena zoti yanu ikhale yaikulu, ya mayi yaing'ono, ine ndikukana. Gulani njinga ziwiri zofanana, batire lofanana, tchaja yofanana. Chifukwa chake ndi ichi. Munthu wolemera thupi amamaliza batire msanga kuposa wopepuka. Mabatire akakhala ofanana, mukafika pakati pa ulendo mumangosinthana, la amene latsala ndi moto wambiri lipite kwa amene lake latsika, nonse n'kukafika limodzi. Tchaja imodzi ikapsa, inayo itchaja onse awiri mosinthana. Chubu, masipokosi, mabuleki, zonse mumanyamula za mtundu umodzi. Mukagula zosiyana ndiye kuti zapadera zonse muzinyamula pawiri.

aNaphiri: Moni abale. Ndalowa pa foni yanga chifukwa ndaona bambo akunyumba akulankhula ngati wofooka ndine. Funsani aliyense wa kwathu kuno, kumunda wa mpunga ku Lifuwu ndimapita pa njinga mpaka lero. Amene amatsika n'kumakankha pa kamtunda kalikonse ndi iwowo. Ndiye za njinga yaing'onozo ziiwalike, awamasola anena bwino.

Wakabaza wa pa Kaphatenga: Eee, mlandu wafika kwa eni ake 😂😂 Madala yankhani.

Mphunzitsi Wopuma: Ndilibe mawu. Pitirizani, mayi.

aNaphiri: Zanga ndi izi. Choyamba, felemu ikhale yopanda chitsulo cha pamwamba chija, yongolowetsa mwendo kutsogolo. Ine ndimavala chitenje, ndipo bambowa chiuno chawo sichilolanso kuponya mwendo pamwamba pa keliyala yodzaza katundu. Adzakana kuti imeneyo ndi njinga ya amayi, koma ayikwera. Chachiwiri, tcheni chikhale chophimbidwa, ndi wilo lakumbuyo likhale ndi chotchinga m'mbali, chitenje chikakodwa m'masipokosi munthu umagwa chagada. Chachitatu ndi chimene chikundidetsa nkhawa: mwana akuti njinga imodzi imalemera makilogalamu 25. Ikagwa mumchenga aidzutse ndani? Nanga pa masitepe a malo ogona?

Mnyamata wa ku Cape Town: Amayi, kulemerako n'koona, zambiri zimakhala pakati pa 23 ndi 28. Batire palokha ndi makilogalamu atatu kapena kuposerapo, ndiye pokweza masitepe yambani mwalichotsa, ndi zikwama zomwe. Onetsetsani kuti agule ya batire lochotseka ndi kiyi, osati lomangidwira mkati mwa felemu, apo ayi muzidzalowetsa njinga yonse kuchipinda kuti mutchaje. Zambiri zilinso ndi batani lakuti mukalidina njinga imadziyendera yokha pang'onopang'ono, makilomita 6 pa ola, inu mukuyenda pambali mutagwira handulo. Mumchenga limathandiza kwambiri.

China chimene anthu sauzidwa pogula. Njinga zotchipa zambiri zimangomva kuti mapedulo azungulira, basi mota n'kudzuka ndi mphamvu zonse za levulo imene mwaika. Mukayamba pa levulo 4 kapena 5 imakutsomphola musanakhazikike. Zodulirapo zimamva mphamvu imene mwaponda, n'kuwonjezera molingana, ndiye zimanyamuka mofatsa. Kwa achikulire yachiwiriyi ndiyo yabwino. Ikakhala yoyambayo, lamulo ndi limodzi: poima paliponse bwezani levulo pa 1.

Anesi Opuma a ku Dwangwa: Zimenezo zandikumbutsa. Achikulire ambiri amagwa poima ndi ponyamuka, osati njinga ili pa liwiro. Chishalo chitsike pang'ono kuti phazi lizifika pansi musanatsike. Chipewa cholimba cha kumutu chivalidwe ndi nonse awiri, ngakhale kutenthe bwanji, fupa la munthu wa zaka 60 si la mwana wa sukulu.

Aphunzitsi ndi aNaphiri, musananyamuke pitani kuchipatala akakuyezeni BP ndi shuga, muwauze za ulendowu. Ena mwa mankhwala a BP ndi okodzetsa, ndiye padzuwa la kunyanja kuno madzi amatha m'thupi msanga, munthu n'kuchita chizungulire ali pa chishalo. Musasiye kumwa mankhwala mwa inu nokha, adokotala ndiwo anene. Wa shuga asayende wopanda kanthu kotsekemera m'thumba la malaya, osati pansi pa chikwama. Nyamulani mapaketi a Thanzi ORS, paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi abwino. Timabuku tanu ta kuchipatala tikhale mu pulasitiki. Neti yanuyanu, musadalire za kumalo ogona, zina zimakhala zobooka ndipo udzudzu wa kuno mukuudziwa. Ndipo mukafika pa gombe la mabango, madzi osayenda, musathamangire kusamba chifukwa cha thukuta, likodzo lilipo.

Mota ija imanyenga. Miyendo simva kutopa, koma dzuwa likukuwotchani chimodzimodzi. Nyamukani kukangoyera, pofika 10 koloko mukhale muli pamthunzi.

Wamasola wa ku Nkhotakota Boma: Anesi, nthawi yanuyo ikugwirizana ndi ya batire. Tchaja ya 2A kudzaza 14Ah imafuna maola 7 kapena kuposerapo pang'ono. Ya 4A ndi theka la nthawiyo, bola batire lake likhale lololeza. Mukafika pamalo m'mawa, muli ndi masana onse ndi usiku, magetsi akazima madzulo mwapezerapo kale. Koma wofika 5 koloko madzulo n'kupeza mdima, mawa lake sayenda.

Musalumikize batire mukangotsika. Lisiyeni pamthunzi lizizire kaye, mwina ola limodzi. Mabatire a lithium safuna kutchajidwa atatentha kupitirira madigiri 45, ndipo lakuda limene lakhala padzuwa la kuno limafika pamenepo mosavuta. Potchaja liikeni pa simenti, kutali ndi matiresi ndi neti, osatinso pakhomo potulukira. Likayamba kutupa kapena kununkha, lizuleni mulitulutse panja.

Eni malo ogona ena akaona chibatire amaopa kuti mayunitsi awathera. Auzeni kuti limodzi limadya kungopitirira theka la yuniti, awiri yuniti imodzi ndi pang'ono. Asakulipiritseni ngati mwabwera ndi makina owotcherera zitsulo.

Mphunzitsi Wopuma: Nanga kumene kulibe magetsi? Mphwanga wina cha ku Benga ali ndi sola panyumba. Kapena tingonyamula panelo yathu?

Wamasola wa ku Nkhotakota Boma: Mufunseni batire lake ndi lalikulu bwanji. Masola ambiri a m'nyumba ali ndi la 12V 100Ah. Limenelo limasunga 1,200Wh, koma la asidi silifuna kutsitsidwa kupitirira theka, ndiye zogwiritsa ntchito ndi 600 zokha. Anu awiri akufuna 1,000 ndi kuposa. Mukatchaja usiku mwawazimitsira nyumba eni ake, batire lawo n'kulifupikitsira moyo. Tchajani masana dzuwa lili paliwombo, panelo ikukoka, limodzilimodzi. Matchaja awiri a 2A pamodzi amakoka cha m'ma 200W, ndiye muonenso kukula kwa inveta.

Zonyamula panelo siyani. Yopinda ya 100W, mutaiyala tsiku lonse osayenda, ingakupatseni cha m'ma 400Wh, osadzaza n'limodzi lomwe. Ndalama imeneyo bola mugule batire lachitatu, muzilinyamula ngati la nonse awiri.

Zotchipa Zokhazokha: Tili ndi mabatire a njinga amitundu yonse, mtengo wabwino, lowani ku inbox.

Mkulu wa Gulu: Achimwene, malonda pano ndi Loweruka lokha, munauzidwa polowa. Tipitirize.

Wamasola wa ku Nkhotakota Boma: Bola abwera, andikumbutsa. Batire losadziwika kumene lachokera musagule. Mkati mwake mumakhala timabatire ting'onoting'ono tambirimbiri, ndipo ena amatola takale ta m'malaputopu n'kutikutira m'chibokosi chatsopano. Kunja kwalembedwa 14Ah, mkati mulibe ndi theka lomwe, ndipo oterowo ndi amene amayaka.

Wakabaza wa pa Kaphatenga: Chabwino madala, nthabwala pambali, msewuwu ndi ofesi yanga. M5 malo ambiri ndi wopapatiza, m'mbali tala anadyeka, pali phompho pakati pa tala ndi dothi. Wilo likatsetserekera pamenepo muli ndi katundu, musalimbane kuti mubwerere pa tala muli pa liwiro, pitirirani m'dothimo muime bwinobwino. Milatho ina ndi yodutsa galimoto imodzi, musalowepo ngati kutsidya kukubwera lole. Malole awiri akamaphana pafupi nanu, tsikani mumsewu, ulemu wake ndi umenewo. Cha ku Dwangwa nyengo yodula nzimbe mathirakitala ndi malole amachuluka. Galasi loonera kumbuyo ikani kudzanja lamanja, khosi la munthu wamkulu silitembenuka msanga. Belu likhale lomveka, chifukwa njinga zanuzo zilibe phokoso, mbuzi ndi ana sakumvani. Tsiku la msika pa trading centre iliyonse tsikani muzikankha.

Ndipo musayende mophatikizana uku mukucheza. Mmodzi kutsogolo, wina kumbuyo, woyenda pang'onopang'onoyo ndiye atsogole.

aNaphiri: Ndiye kuti atsogola bambo.

Mlimi wa Mpunga wa ku Bua: 😂 Amayi mwatha nawo. Za nyengo palibe wanena. Mwera umawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, kuchokera kummwera. Popita ku Nkhotakota uzikukankhani kumsana, mudzaona ngati batire silikutha. Pobwerera ndi pamene mudzaudziwe, udzakhala kumaso njira yonse, ndiye samu ya awamasola ija muwerengere 42 osati 63. Juni ndi Julaye ndiyo miyezi yabwino, kunja kozizira. Okutobala ndi Novembala musayerekeze. Dzinja nalonso ayi, mukukumbuka mmene madzi anasefukira ku Dwangwa mu Febuluwale 2024 mpaka msewu kuduka.

Koma ine funso langa ndi lina. Bwanji osangogula njinga za Buffalo ziwiri konkuno, mwanayo atumize mota ndi batire zokha, amakaniko amange? Buffalo ndi 26, felemu yake ndi yotsika, keliyala imanyamula makilogalamu 100, zipangizo zake zili m'dziko momwe muno.

Makaniko wa pa Kamuzu Road: Achimwene, maganizowo ndi abwino koma pali msampha. Buffalo imene tinaizolowera ija buleki yake ndi yopondera mapedulo chambuyo. Mota ya pakati ya Bafang yodziwika ija, mukaimanga, mapedulo amangozungulira chambuyo osakoka tcheni, ndiye kuti buleki yatha. Mota ya wilo lakumbuyo nayo ikutanthauza kuchotsa habu imene muli bulekimo. Yotsala ndi ya wilo lakutsogolo. Imeneyo imatheka, koma pamafunika kachitsulo kogwira ekiselo kuti isapotokole foloko, komanso buleki ina yakutsogolo. Ndipo wilo lakutsogolo likamakoka mumchenga, katundu yense ali kumbuyo, limapalasa pansi n'kuterereka. Kwa mnyamata wonyamula matumba ndingamange. Kwa aphunzitsi ndi mayi, njinga yolemera kale, giya imodzi, batire likatha pakati panjira, ayi ndithu.

Mlimi wa Mpunga wa ku Bua: Nanga njinga ya magiya ya kaunjika, ya 26, yolimba bwino, n'kuimanga mota ya kumbuyo?

Makaniko wa pa Kamuzu Road: Imeneyo ndiye ndingavomere, ndipo mwina ndi yotchipa kuposa zonse. Kungoti yopanda chitsulo cha pamwamba imene akufuna mayiyo imasowa pa kaunjika, ndiye kupeza ziwiri zofanana ndi mwayi. Pa mabuleki, kaya mugula yatsopano kaya yomanga, sankhani a disiki okoka ndi waya. A mafuta amagwira bwino ndipo safuna mphamvu zambiri m'zala, izo n'zoona, koma paipi yake ikabooka pa Chia palibe angakuthandizeni. Waya wa buleki ngakhale pa okala umapezeka. Timapadi take mubwere nato tapadera, njinga yolemera imatidya msanga.

Anesi Opuma a ku Dwangwa: Apa ndisiyana nanu pang'ono amakaniko. Ngati wina mwa awiriwa ali ndi nyamakazi m'zala, a mafutawo ndi amene angamuthandize. Buleki yokonzeka mosavuta koma munthu akulephera kuifinya ili ndi phindu lanji?

Makaniko wa pa Kamuzu Road: Pamenepo mwandigonjetsa theka, amayi. Ayese kaye kufinya onse awiri asanasankhe.

Wa ku Mpondagaga: Mwina wina angakunyengeni kuti mukhotere ku M18, msewu wa ku Kasungu, mukaone nkhalango. Msewu umenewo umadutsa mkati mwa Nkhotakota Wildlife Reserve. Chiyambire pamene African Parks anayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015, anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Njovu ikaima pamsewu, njinga imene mota yake imasiya kuthandiza pa makilomita 25 pa ola siingakupulumutseni. Kulinso kashembe, amene amafalitsa kaodzera, ndipo amakonda zovala zakuda ndi zabuluu. Mukafuna kuona nyama siyani njinga ku boma mulowe pa galimoto. Ku boma komweko zokaona zilipo zofikako pa njinga: mtengo uja anakumanirana Livingstone ndi Jumbe, tchalitchi chakale cha Anglican, ndi akasupe otentha a Mawira.

Mayi wa Nsomba pa Chia: Ine za mawaya sindizidziwa, koma ndaona anthu oyenda pa njinga ambiri akudutsa pa mlatho pano, azungu ndi akuda omwe. Amene amavutika ndi omwe asanjikiza katundu pamwamba pa keliyala mpaka kufika m'mapewa, mphepo ya pa mlatho ikawomba njinga imayepa. Anzawo amakhala ndi zikwama ziwiri zolendewera m'mbali mwa wilo, katundu ali pansi. aNaphiri, mapoto ndi mbaula musanyamule. Njira yonseyi chakudya chilipo, mpunga, chambo, batala, nthochi, ndipo mukafika kuno mudye kondowole. Nyamulani madzi ambiri, zovala zochepa, basi.

aNaphiri: Zikomo achemwali. Zikwama za m'mbalizo telala wathu atha kusoka ndi tenti ya lole, ndamufunsa kale. Bambowa amafuna kunyamula ndi wailesi yomwe.

Mnyamata wa ku Cape Town: Zosoka zili bwino, bola mkati muikemo kabolodi kolimba kuti zisalowe m'masipokosi, ndipo zikhale chakumbuyo pang'ono kuti chidendene chisamagunde popalasa. Onaninso nambala yolembedwa pa keliyala. Za njinga zamagetsi zambiri zimalola makilogalamu 25 okha, si za kabaza zonyamula munthu ndi thumba la chimanga. Kulemera kugawidwe mofanana kumanzere ndi kumanja, ndiponso pakati pa njinga ziwirizo.

Chishalo musachipeputse. Chofewa kwambiri chija chimakoma mphindi zoyamba zokha, pa ulendo wautali chimakhula. Bola chotakata pang'ono, cholimbirapo, ndi chitsulo chake chokhala ndi sipuling'i kuti msana usamve mabampu. Handulo ikhale yokwera kuti muzikhala chowongoka.

Tsopano nkhani imene ingasokoneze zonse: mwana wanuyo asaganize zobwera nazo pa ndege. Batire la lithium lopitirira 160Wh sililoledwa pa ndege ya anthu, kaya m'chikwama cha m'manja kaya cha pansi, ndipo anuwo ndi 500. Njinga itha kukwera, batire ayi. Afune onyamula katundu pa msewu, ndipo awauze poyera kuti muli mabatire, atatchajidwa theka osati odzaza.

Mphunzitsi Wopuma: Izi ndiye sitinaziganizire n'komwe, iye amati abwera nazo pa Khirisimasi. Ndalemba zonse m'kope. Zikafika tiyamba ndi kuyesa msewu wa Senga Bay, makilomita 20 kupita 20 kubwerera, titamanga katundu yense, tione kuti batire latsala bwanji kwa ine ndi kwa mayi. Amakaniko, za m'kathumba ka zida mundilembere.

Makaniko wa pa Kamuzu Road: Pampu yokwana pa valavu ya machubu anuwo, muiyese muli kunyumba chifukwa mavalavu alipo amitundu itatu. Zigamba ndi solushoni, zotsegulira tayala, sipanala ija ya wilo, ma allen key, kajoini ka tcheni, waya wa buleki ndi wa giya, tepi yakuda ya magetsi, mafuta a tcheni, ndi malegeni. Loko wautali womangira njinga zonse ziwiri pamodzi. Makiyi a mabatire apadera asunge mayi, anu asakhale pa mphete imodzi ndi a mayiwo. Mubwere nazo kuno musanapite ku Senga Bay, ndikuphunzitseni nonse awiri kuchotsa wilo lakumbuyo ndi manja anu. Ndikakhwimitsanso masipokosi mukabwerako, atsopano amakhwepa akayenda pang'ono.

Wakabaza wa pa Kaphatenga: Tsiku loyesalo mundiuze, ndikuperekezani pa yanga yakapalasa. Ndikufuna ndione ngati agogo awiri angandisiye pa msewu wa Senga Bay.

Wamasola wa ku Nkhotakota Boma: Chotsiriza kwa ine, chaching'ono koma chagonetsa anthu ndi batire lopanda moto. Tchaja yogulidwa ku South Africa imabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, masoketi athu kuno ndi a mano atatu amakonamakona. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana, 230V, ndiye vuto ndi mano okhawo. Musadalire adaputa ya pa msika, imakhwepa, usiku n'kusiya kutchaja inu muli mtulo. Dulani pulagiyo mumange yathu ya fyuzi, pa matchaja onse awiri. Munyamulenso ekisitenshoni yaifupi, zipinda zambiri soketi imakhala imodzi, ndipo mafoni nawo adzafuna pomwepo.

aNaphiri: Mapulagiwo bambo amanga okha, zimenezo amatha. Mwana ndamutumizira kale zonse, wayankha kuti za 26 zopanda chitsulo cha pamwamba waziona koma batire lake ndi 36V 10Ah. Awamasola, imeneyo ndi 360 eti? Ndiye kuti ngakhale pa Benga sitifika?

Wamasola wa ku Nkhotakota Boma: 360 ndithu amayi, makilomita 45 zinthu zili bwino, 30 mwera uli kumaso. Afunse ngati njinga yomweyo ili ndi batire la 14 kapena 15Ah lolowa pa malo omwewo. Akati palibe, agule mabatire anayi a 10Ah, aliyense azinyamula lapadera m'chikwama.